Tulo ta a Buleki

Zaka makumi awiri ndi ziwiri a Buleki akhala akuphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, ndipo pa zaka zonsezo palibe wophunzira amene anawaonapo akuyasamula. Dzinalo anawapatsa ndi ophunzira omwewo, chifukwa ndiwo mawu amene munthu ankayamba kumva akangogwira chiwongolero. "Buleki! Buleki, mwanawe! Kodi mtengowo unakulakwira chiyani?" Maso awo ankaona nkhuku isanaganize n'komwe zodumpha msewu. Makolo ankawatumizira ana awo mtima uli m'malo. Chuma chawo chonse chinali chimenecho: kagalimoto kamodzi koyera kolembedwa dzina la sukulu pachitseko, ndi mbiri yoti bambo uja saphethira.

Ndiye taganizani mmene zinawakhalira Lolemba lina, atapukuta kagalimoto kawo, ataima pamalo pawo pa masiku onse pafupi ndi sitolo ya mankhwala, n'kudikira mpaka dzuwa kufika paliwombo popanda ngakhale galu wodzanunkhiza tayala. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu mwini sitolo ya mankhwala uja, bambo wa magalasi ake ndi mimba yake, amene mwana wake wamkazi anali ataphunzira kale kasanu, anatuluka n'kuima pakhonde.

"Mwana wanga sabweranso," anatero.

"Wadwala?"

"Ali bwinobwino. Ndipo ndikufuna akhalebe bwinobwino, n'chifukwa chake sabweranso."

"Mukutanthauza chiyani, bambo?"

"Tulo n'tabwino, a Buleki, ine sindikutsutsa. Koma bedi anapangira zomwezo. Takuonani pa tsamba la alamu anu."

Anabwerera m'sitolo mwake, kuwasiya a Buleki atagwira kansanza kopukutira galasi.

Mlamu wawoyo anali mlongo wa mayi a kunyumba, bambo wa zaka makumi anayi, wadazi kale, amene anayambapo maphunziro a zamagetsi, a zamakompyuta ndi a zaubusa, osamaliza ngakhale amodzi. Anthu ankamutchula Injiniya, iye n'kumavomera osagwetsa nkhope. Anali ndi kashopu ka fotokope kuseri kwa siteji ya mabasi, ndipo m'menemo ndi mmene ankayendetsera tsamba lake la pa intaneti, lolengeza ntchito, nyumba za lendi ndi ziphaso zotayika. Tsambalo linkawerengedwa, tisaname. Aliyense wosowa ntchito ankalitsegula m'mawa asanasukusule, ndipo osowa ntchito mukuwadziwa kuchuluka kwake.

Masabata atatu m'mbuyomo, Injiniya anali atawaitana a Buleki kushopuko.

"Alamu, khalani apa muone chitukuko," anatero, akukankha mulu wa mapepala pampando. "Ndaika pulogalamu yogawa malonda. Masiku awiri ndikulimbana nayo, inkangondifunsa mapasiwedi ngati mlonda wa kubanki. Imagwira chonchi. Tsambali ndalidula mapuloti. Kamzere kapamwamba aka ndi puloti yoyamba. Zithunzi za otsatsa malonda ndimaziika m'nkhokwe umu. Munthu akatsegula tsamba, pulogalamu imathamangira m'nkhokwe, kutenga chithunzi, kuchipachika papuloti, n'kulemba kuti chaonedwa kamodzi. Sigona, sidya, sipempha tchuthi."

"Ndiye ine ndikulowapo pati?"

"Inu ndinu oyamba kupachikidwa. Ulere, chifukwa munakwatira mlongo wanga pamene amuna ena onse ankamuopa."

A Buleki anapita kunyumba kukamanga tayi. Anawajambula ataima pambali pa kagalimoto kawo, dzanja limodzi padenga, chifuwa chili nganganga ngati bwana wa apolisi. Anadziona pakompyuta, pamwamba penipeni pa tsamba, n'kuvomereza kuti mlamu nthawi zina amakhala ndi ntchito. Kuchokera tsiku limenelo sanalionenso tsambalo. Foni yawo inali ya mabatani, yoimbira ndi kuunikira pansi pa injini basi.

Tsopano, mawu a wogulitsa mankhwala ali m'khutu, analiza kagalimoto ulendo wa kushopu kuja. Anamupeza Injiniya akukoka pepala lomwe linakodwa m'makina.

"Wandiika chiyani pa tsamba lako?"

"Moni kaye, alamu. Ngakhale apolisi amayamba ndi moni."

"Tsegula!"

Injiniya anatsegula. Pamwamba pa tsamba panali a Buleki ndi tayi yawo, dzanja padenga la galimoto. Anatsekanso n'kutsegula. Tayi. Anabwereza kakhumi. Tayi yokhayokha.

"Mwaona? Nsanje, alamu. Munthu ukatchuka umamera adani ngati bowa. Wogulitsa mankhwala uja ali ndi msuweni wake amene watsegula sukulu ya galimoto, mufufuze."

A Buleki anatuluka mutu utazungulira. Maso awo anali ataona okha, ndipo maso awo sanawanamizepo. Koma pamene ankadutsa pasiteji, kondakitala wina anatsamira chitseko cha basi, kupendeketsa mutu, kuyasama kukamwa n'kuliza mkonono umene unamveka tsidya la msewu. Siteji yonse inafa ndi phwete.

Atafika kunyumba anapeza mayi akusita. Anawafotokozera zonse. Mayi anaimika simbi, n'kuyamba kuyang'ana kolala ya malaya ngati muli nkhani yofunika.

"Mayi, mukudziwapo kanthu."

"Ndimati mwina zingotha zokha."

"Ziti?"

Mayi anapukuta manja, kutenga foni yawo ya galasi lalikulu, kutsegula tsamba la mlongo wawo n'kuwapatsira osayang'ana.

Pamwamba pa tsamba, m'kamzere kaja kataliatali ngati lamba, munali a Buleki. Tayi munalibe. Anali pampando wa mphunzitsi, mutu utagwera kumbuyo, maso ali tsinzi, kukamwa kuli yasa moti dokotala akanawerenga mano onse osawadzutsa. Pansi pa chigongono chawo dzina la sukulu linkawerengeka bwinobwino pachitseko. Pambali panalembedwa kuti: Tsatsani malonda anu pano.

A Buleki anakhala pansi. Kenako anaimirira. Kenako anakhalanso.

"Kuyambira liti?"

"Ine ndinachiona Lachisanu. Amayi a kukwaya ananditumizira. Anthu asanu ndi awiri, aliyense payekha, aliyense akuti pepani."

Tsiku la chithunzicho analikumbukira bwino, ndipo n'chimene chinawawawa koposa. Linali tsiku limene Injiniya yemweyo anafika pakhomo pawo m'mamawa atagwira tsaya, akulira ngati mbuzi yomangidwa, dzino litamugwira. A Buleki anaimitsa ophunzira anayi, kumunyamula ulendo wa kuchipatala cha mano, n'kumudikira panja kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Injini inali yozimitsa, handibuleki yokoka, makiyi ali m'thumba. Anasamukira pampando wa mphunzitsi chifukwa msana wawo unazolowera dzenje la mpando umenewo. Pampando wa dalaivala ankakhala ngati mlendo. Kutentha kunawagonjetsa. Kamodzi kokha pa zaka makumi awiri ndi ziwiri, galimoto itaima, akudikira munthu wodwala.

"Ndinamunyamula ine!" anakuwa. "Mafuta anga! Tsiku langa! Iye akutuluka m'chipatala thonje lili m'kamwa, choyamba kuganiza n'kundijambula? Akanachotsa mutu wonse dokotala uja, osati dzino!"

"Bambo, anthu akumva."

"Amve! Aona kale m'kamwa mwanga mpaka kum'mero, chatsala n'chiyani choti ndibise?"

Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo khoswe uyu anakhala pamkhate wa ukwati. A Buleki anazungulira tebulo katatu akufuna choti aswe, koma chilichonse m'nyumbamo anagula ndi iwo omwe.

M'mawa mwake anapita onse awiri. Mayi anavala nsapato zawo zopitira kumisonkhano, zimene zikagunda simenti ana a anthu amabisala.

"Iwe," anatero mayi asanalowe n'komwe. "Ndinakubereka kumsana ine. Unandikodzera kangati? Lero ukulipira chonchi?"

"Achemwali, nkhani yake iti?"

Mayi anatulutsa foni, kutsegula tsamba, kumuikira pamphuno. Injiniya anayang'ana, n'kumwetulira. Mayi anatembenuza foni. Panali tayi.

"Ha!" anatero mayi.

"Mwaona? Banja lonse mukulota limodzi. N'chikondi chimenecho."

A Buleki anaona kuti ayamba misala. Koma mayi si munthu wothawa nkhondo. Anayang'anitsitsa foni yawo, pakona yapamwamba, pamene panali kachizindikiro konga fani.

"Foni yanga yalumikiza yokha netiweki ya muno," anatero pang'onopang'ono. "Kunyumba ndimagwiritsa ntchito netiweki yanga. Tatiyeni panja. Iwenso, dazi lakolo."

Anatuluka mondondozana, mayi patsogolo, foni m'mwamba ngati akufuna madzi pansi pa nthaka. Pakhonde anakoka tsamba ndi chala kuti litsegukenso. Tayi. Pa ngalande, tayi. Pafupi ndi mayi wogulitsa malaya a kaunjika, tayi. Atafika pa pholo la magetsi la tsidya la msewu, kachizindikiro kaja kanazima. Mayi anakokanso tsamba.

Kukamwa kuja kunatseguka, dzuwa likuswa mtengo, pamaso pa onse atatu.

Injiniya anakanda dazi. "Aaa," anatero. "Ndiye kuti... aaa."

"Ndiye kuti chiyani?" anafunsa a Buleki, mawu ali pansipansi. Ophunzira awo onse ankadziwa kuti mawu apansi amenewo ndi oopsa kuposa kukuwa.

Anabwerera m'shopu, Injiniya n'kuulula, akutuluka thukuta ngati botolo la m'firiji. Tsiku loika pulogalamu lija, inakana kupitirira mpaka ataipatsa chithunzi chotsekera mpata, choti izipachika papuloti malonda enieni akatha, kuti pasamakhale pululu. Iye analibe chithunzi china pafupi, anangotola chimene chinali m'foni, choyesera chabe, akuti achotsa mawa. Mawa lakelo mukulidziwa. Chithunzi cha tayi anachipatsa malire oti chioneke ka zikwi zisanu, poti chinali chaulere. Zikwi zisanuzo zinatha m'masiku awiri. Otsatsa ena anali asanabwere. Pulogalamu, posagona, posadya, posapempha tchuthi, inathamangira m'nkhokwe n'kupezamo a Buleki ali m'tulo.

"Nanga muno bwanji mukuoneka tayi?" anafunsa mayi.

Apa Injiniya anayang'ana kudenga. Anali ataiuza pulogalamuyo kuti aliyense wotsegula tsamba pa netiweki ya m'shopu azionetsedwa tayi nthawi zonse, kuti wamalonda akabwera kudzafunsa aone chitsanzo chokongola, akopeke.

"Nzeru za bizinesi, achemwali. Ndinadzitchera ndekha msampha. Inenso ndimaona tayi yomweyo."

"Ukafika kunyumba foni yako imachita khungu?"

"Kunyumba sinditsegula za ntchito. Ndimalemekeza banja."

"Palibe anakuuza?"

"Ena ankanena, koma anthu amanena zambiri. Chimene ndinaona ine n'chakuti owerenga tsamba achuluka kawiri. Ndimayesa ndi madalitso."

A Buleki anagwira m'mphepete mwa tebulo. "Unati chinthu chakochi chimawerenga. Chaonetsa kukamwa kwanga kangati?"

"Alamu, manambala amangopweteketsa mtima."

"Kangati?"

Injiniya anadina. Nambala inatuluka: 41,206. Ali chiyang'anire, inasintha n'kukhala 41,207.

"Ameneyo ndi ndani?" anakuwa a Buleki. "Ndani ameneyo akundiyang'ana m'kamwa panopa?"

"Ndichotsa pompano, alamu. Kudina kamodzi basi, chatha."

"Chatha? Uchotsa m'mitu ya anthu zikwi makumi anayi? Uchotsa m'mafoni a amayi a kukwaya? Ukangochotsa, anthu anena kuti mdala uja wagwidwa, wabisa. Usakhudze!"

Anaweramira pakompyuta, akupuma ngati ng'ombe. Maso aja oona nkhuku isanadumphe msewu anayamba ntchito yawo. Chithunzicho chinali chopyapyala modabwitsa: mutu, phewa, chitseko. Denga la galimoto panalibe, mpando wa dalaivala panalibe, kumbuyo kunalibe.

"Foni sijambula zinthu zazitali ngati lamba. China chili kuti?"

"Ndinadula. Puloti yapamwamba ndi yopapatiza, chithunzi chimayenera kulowa muyezo wake, apo ayi pulogalamu imachikana."

"Ndionetse chonse."

"Chinafufutika."

"Iwe," anatero mayi, n'kutambasula dzanja. Injiniya anapereka foni ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'thumba.

Chithunzi chathunthu chinali nkhani ina. Mpando wa dalaivala unali wopanda munthu. Handibuleki inali chilili. Kutsogolo kwa galimoto kunali khoma, pakhomapo chikwangwani chachikulu chojambulidwa dzino. Ndipo pagalasi la chitseko chakumbuyo, mooneka bwino ngati pakalilole, panali wojambulayo: Injiniya, tsaya litatupa ngati wabisamo mpira, mpango wa mkazi wake utamangidwa kuchokera kuchibwano mpaka padazi, mfundo ili pamwamba ngati makutu a bulu, thonje likusuzumira pakamwa.

Mayi anayesa kudzigwira. Analephera. Anaseka mpaka kutsamira makina a fotokope, makinawo n'kuyamba kujambula chigongono chawo.

A Buleki sanaseke. "Muyezo wa puloti, eti? Kapena unadula kuti ubise makutu akowa?"

"Zonse ziwiri, alamu."

"Dula puloti ina. Yaikulu. Pakati penipeni pa tsamba, pamene munthu sangalambalale. Uikepo chonsechi, osachotsa ngakhale kangodya."

"Alamu, ine ndine munthu wodziwika."

"Inenso ndinali. Pansi pake ulembe zimene ndikuuze."

Anakoka mpando n'kukhala pambali pake, mbali yomwe amakhala m'galimoto, n'kuyamba kumuyendetsa. Injiniya anatsegula puloti yatsopano, pulogalamu inafunsa muyezo, a Buleki anati waukulu kwambiri umene ulipo. Inatulutsa timizere ta zilembo zosamveka, Injiniya anatikopera n'kukatimata pakati pa tsamba. Dzanja lake linkazembera kumene sanamutume.

"Buleki! Wadina chiyani pamenepo?"

"Malire a masiku, alamu. Ndimati mwina masiku awiri."

"Bwerera. Siwerenga masiku, iwerenga maso. Lemba 41,207. Amene anaona theka aone chonse."

"Zakwana 41,230 tsopano."

"Lemba zimenezo. Ndipo lamulo lako lija la m'shopu ulichotse. Uzidziona wekha m'mawa uliwonse ukamatsegula."

Mawu apansi pa chithunzi anakanganirana kwa theka la ola. A Buleki ankafuna ndime zitatu, zoyambira chaka chimene anatenga layisensi. Mayi anati palibe angawerenge. Pomaliza analemba kuti: Galimoto itaima, injini itazima, ndikudikira mlamu wanga uyo ali pagalasiyo kuti amuchotse dzino. Pamsewu sindigona. Bwerani mudzaone.

Anatulukanso onse atatu mpaka pa pholo la magetsi kukatsimikiza. Chinalipo, chachikulu ngati chitseko. Mayi wa kaunjika anapempha kuti aone nawo, anayang'ana foni, anayang'ana Injiniya, n'kuitana mnzake wa patebulo loyandikana.

Lachisanu ndi Loweruka a Buleki anaima pamalo pawo popanda wobwera. Makondakitala anasiya mkonono. Tsopano ankamanga mipango kuchibwano Injiniya akamadutsa. Zimenezo zinawatonthoza pang'ono, koma chitonthozo sichikhala pa chiwongolero. Ankapukuta galasi lomwe linali loyera kale, akuyang'ana khomo la sitolo ya mankhwala ndi ngodya ya diso.

Lolemba m'mawa khomolo linatseguka. Anatuluka mwana wamkazi uja, kabuku ka malamulo a pamsewu kali m'manja. Bambo ake anaima pakhonde, manja kumbuyo, akuyang'ana kumwamba ngati akuyeza mvula.

Mtsikanayo analowa, kukhala pa chiwongolero, kumanga lamba. Kenako anatulutsa kabotolo ka tiyi wotentha m'chikwama n'kuwapatsira ndi manja awiri.

"Ababa akuti ndikupatseni. Akuti ndi wowawa bwino, alibe mkaka."

A Buleki anayang'ana kabotoloko, anayang'ana bambo wa pakhonde uja, amene tsopano mapewa ake ankagwedezeka ndi kuseka. Mawu anafika pakhosi, mawu ambiri, ena osayenera pamaso pa mwana. Anawameza. Anaika kabotoloko pansi pa mpando osatsegula.

"Galasi wayang'ana?"

"Eya."

"Sunayang'ane. Ndakuona. Yang'ana, ulize injini."

Kagalimoto kanadumpha kawiri ngati chule, n'kulowa mumsewu. Patsogolo, kutali ndithu, mlamu wawo wadazi uja anali kuwoloka atanyamula mtolo wa mapepala, chipewa atachikokera mpaka m'maso. Mtsikana uja sanamuone. A Buleki anamuona kalekale. Anamuyang'ana akuyandikira, n'kupuma kamodzi mozama, mpweya wa munthu amene akuganizira zinthu zingapo.

"Buleki," anatero.